Papwa Sewgolum, Katswiri wa Gofu Amene Analandirira Chikho Pamvula

Pa 17 Okutobala 1860, amuna 8 anasonkhana pa bwalo la mchenga ndi udzu m'mphepete mwa nyanja ku Prestwick, m'dziko la Scotland, kuti zidziŵike kuti katswiri woposa onse pa maseŵera a gofu ndani. Tsiku lomwelo anazungulira katatu bwalo la maenje 12, ndipo pomaliza Willie Park anapezeka atamenya mpira kokwana 174, pamene Tom Morris anamenya kokwana 176. Umo ndi mmene unayambira mpikisano wa Open Championship, umene ndi wakale kuposa mipikisano yonse ikuluikulu ya gofu. Patangopita mwezi umodzi, pa 16 Novembala, sitima yapamadzi yotchedwa Truro inakocheza padoko la Durban itanyamula Amwenye oposa 300 ochokera ku Madras, amene anabwera kudzalima nzimbe m'minda ya azungu ku Natal. Pofika mu 1911, pamene maulendo otere analetsedwa, anthu pafupifupi 150,000 anali atawoloka nyanja mwa njira imeneyi.

Zinthu ziŵirizi zinachitikira kutali ndi kutali, ndipo palibe akanaganiza kuti zidzakumana. Koma patapita zaka 99, mmodzi mwa zidzukulu za anthu a m'minda ya nzimbe aja anaima pa bwalo la Muirfield, ku Scotland komweko, ndodo ili m'manja, akupikisana nawo mu Open Championship. Dzina lake linali Sewsunker Sewgolum, koma anthu onse ankamudziŵa ndi dzina la kunyumba lakuti Papwa.

Omvera ambiri anaonapo bwalo la gofu, kaya ku Blantyre, ku Limbe, ku Zomba, ku Lilongwe, ngakhalenso kuminda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Munthu wodutsa pamsewu amangoona dambo lalikulu lotchetchedwa bwino, lopanda chimanga, lopanda ng'ombe, ndi anthu aŵiri kapena atatu akuyenda mosathamangira kanthu, m'mbuyo mwawo mukubwera mnyamata atasenza thumba la ndodo. Akapukusa mutu palibe angamudzudzule. Komabe lamulo la maseŵeraŵa n'lapafupi. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, monga anakhazikitsira a ku St Andrews mu 1764 atachepetsa maenje awo kuchoka pa 22. Dzenje lililonse n'lotakata mamilimita 108, pafupifupi ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo woseŵera amayamba kumenya kampira kake ali pamtunda wa mamita 150, 400, nthaŵi zina kuposa 500. Kumenya kulikonse kumaŵerengedwa, kaya mpira wauluka mamita 250, kaya wangogubuduka kutalika kwa chala. Wopambana ndi amene watsiriza maenje onse atamenya kochepa. Saloledwa kunyamula ndodo zoposa 14, ndipo pa mpikisano wa akatswiri amazungulira bwalolo kanayi, ndiye kuti maenje 72.

Mnyamata wosenza thumba uja, amene pa Chingerezi amamutcha caddie, ndiye mwini nkhani ino. Akatswiri oyamba a gofu ku Scotland sanali ana a anthu olemera iyayi. Anali onyamula ndodo za mabwana, osoka mipira yachikopa yodzaza ndi nthenga, osema ndodo ndi osamalira mabwalo. Mabwana ankabetcherana ndalama pa iwo monga mmene ankachitira pa akavalo, koma kukada mabwanawo ankaloŵa m'nyumba ya kalabu kukamwa ndi kudya, akatswiri aja n'kutsala panja. Chizoloŵezi chimenechi chinakhala zaka zambiri. Mu 1920, katswiri wa ku America Walter Hagen atafika ku Deal, m'dziko la England, anauzidwa kuti anthu oseŵerera ndalama saloŵa m'nyumba ya kalabu. Iye anabwereka galimoto yaikulu yapamwamba, naiimika pakhomo penipeni pa nyumbayo, n'kumasinthiramo nsapato ndi zovala mamembala akuona. Ku Britain khomo limenelo linadzatseguka m'kupita kwa nthaŵi, popeza chimene chinkalitseka chinali kusiyana kwa bwana ndi wantchito. Ku South Africa chinkalitseka chinali khungu, ndipo kumbuyo kwake kunali lamulo la boma.

Papwa anakulira ku Riverside, dera la Amwenye osauka kumpoto kwa mtsinje wa Umgeni ku Durban, m'nyumba yamalata okhaokha. Amayi ake anali akhungu, ndipo bambo ake anamwalira iye akadali mwana. Sukulu sanaphunzire, kotero anakula osadziŵa kulemba ngakhale dzina lake. Ndodo yake yoyamba inali nthambi ya mtengo yopindika kunsonga. Pofuna kudyetsa banja, anayamba kunyamula matumba pa bwalo la Beachwood, limene lili pakati pa milu ya mchenga m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, ndipo kumeneko onyamula ndodo ankaloledwa kuseŵera Lolemba, tsiku limene mamembala amakhala ku ntchito zawo. Mphunzitsi analibe. Anaphunzira ndi maso, poona mabwana akumenya ndi kuphonya tsiku ndi tsiku, ndiponso ndi mapazi, poyenda bwalolo mpaka kudziŵa potsetsereka paliponse ndi kumene mphepo imachokera dzuŵa likapendeka.

Kusoŵa mphunzitsi kumeneku kunamusiyira chizindikiro chimene anafa nacho. Munthu wogwiritsa dzanja lamanja amagwira ndodo ya gofu monga ambiri amagwirira nkhwangwa: dzanja lamanzere kumapeto kwa mpini, lamanja m'munsi mwake, chakufupi ndi mutu. Akatswiri ambiri amatsata kagwiridwe kamene anatchukitsa Harry Vardon wa ku Jersey, amene anapambana Open Championship kokwana 6 pakati pa 1896 ndi 1914. M'kagwiridwe kameneka chala chomalizira cha dzanja lamanja chimakwera pa chala chamkombaphala cha dzanja lamanzere, kuti manja aŵiriwo azigwira ntchito ngati dzanja limodzi. Papwa ankagwira mozondoka. Dzanja lamanja linkakhala pamwamba, lamanzere m'munsi. Mphunzitsi aliyense wa masiku amenewo akanamuletsa tsiku loyamba lomwe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ndodo ikakwezedwa kumbuyo kwa mutu, manja ogwira motere sapindika momasuka pamfundo, motero mphamvu ina imatayika ndipo mpira sufika patali monga uyenera.

Koma gofu saŵerengera mtunda. Pa bwalo limene katswiri amayembekezeka kulitsiriza pomenya kokwana 72, chiŵerengero chimene amachitcha par, theka lake lathunthu, kumenya 36, limaŵerengedwa kuti ndi la kugubuduza mpira pa kabwalo kosalala kozungulira dzenje, kaŵiri pa dzenje lililonse. Tsono munthu amene amatha kuponyera mpira pafupi ndi dzenje kuchokera m'udzu kapena m'nkhuti yamchenga, n'kuuloŵetsa ndi kumenya kumodzi m'malo mwa kuŵiri, amabweza zonse zimene anataya pa mtunda. Apa ndi pamene Papwa anali wosayerekezeka. Dzanja lamanzere likakhala m'munsi, mfundo ya dzanjalo siithyoka pa nthaŵi yomenya, ndipo nkhope ya ndodo imafika pampira itayang'ana kumene ikuyenera kuyang'ana. Chimene chinkamuchepetsera mtunda ndi chomwecho chinkamupatsa kulunjika. Kuwonjezera apo anali munthu wofatsa, wosatekeseka, woyenera mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ano kagwiridwe kozondoka sikasekedwanso. Jordan Spieth wa ku America amagubuduza mpira dzanja lamanzere lili m'munsi, ndipo Matt Fitzpatrick wa ku England, amene anapambana US Open mu 2022, amagwira motero poponyera mpira pafupi. Kusiyana kwake n'kwakuti Papwa ankagwira motero pa ndodo zonse 14.

Mwayi wake unadzera mwa Graham Wulff, membala wa ku Beachwood, katswiri wosakaniza mankhwala amene anapanga mafuta odzola otchedwa Oil of Olay. Wulff ataona mmene wonyamula thumba ameneyu ankamenyera mpira, anamulemba ntchito yotseka mabotolo kufakitale yake, namupatsa nthaŵi yokonzekera. Mu 1959 anamunyamula pa kandege kake kakang'ono, nadutsa naye Africa yense, akutera apa ndi apo, mpaka ku Ulaya. Ulendo usanayambe panali vuto limene munthu wophunzira sangaliganizire: Papwa anayenera kuphunzira kulemba dzina lake. Pasipoti inkafuna siginecha, ndipo pa mpikisano woseŵera aliyense amasaina khadi losonyeza mmene wamenyera pa dzenje lililonse. Khadi limeneli si chinthu chamaseŵera. Wosainira chiŵerengero chochepa kuposa choona amachotsedwa mu mpikisano, ndipo wosainira chochuluka amakhala nacho chomwecho. Mu 1968 Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anataya mwayi wopambana mpikisano wa Masters chifukwa anasaina khadi limene mnzake analembapo 4 pa dzenje limene iye anamenya katatu.

Ku Muirfield Papwa anapambana mayeso oloŵera mu mpikisano, koma sanafike pa maulendo aŵiri omaliza. Chikho chinatengedwa ndi mnyamata wa zaka 23 wochokera ku Johannesburg, Gary Player. Anthu aŵiri a dziko limodzi, amene kwawo lamulo silinkawalola kupikisana, anayenda pa udzu umodzi ku Scotland. Patangopita masiku ochepa Papwa anawolokera ku Holland, ndipo pa bwalo la kufupi ndi The Hague anapambana mpikisano wa Dutch Open. Odziŵa bwalolo sangadabwe kwambiri, pakuti nalonso lili pakati pa milu ya mchenga kufupi ndi nyanja, ndipo mphepo yake imalanga aliyense womenya mpira wokwera m'mwamba. Mwana wa ku Beachwood anali atazoloŵera kumenya mpira wotsika, woboola mphepo. Anapambananso Dutch Open mu 1960, ndi kachitatu mu 1964. Mu 1963 anatsiriza pa nambala 13 mu Open Championship ku Royal Lytham and St Annes, chaka chimene anapambana Bob Charles wa ku New Zealand, munthu wamanzere.

Atabwerera kwawo mu 1959, khamu lalikulu linamulandira ku Durban ngati mfumu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri wa dziko la Holland sankaloledwa kupikisana pa mipikisano ikuluikulu ya dziko lake lomwe. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagaŵa malo potsata mtundu wa anthu, ndipo mabwalo onse abwino a gofu anagwera kumbali ya azungu. Munthu wa khungu lina ankatha kupondapo ngati wantchito, koma kuti apondepo ngati woseŵera ankayenera kupempha chilolezo ku boma, mpikisano uliwonse chilolezo chakechake. Chilolezo choyamba choseŵera mu South African Open anachilandira mu 1961. Zilolezo zimenezi kaŵirikaŵiri zinkatuluka mochedwa, ndipo zinkangomulola kuyenda pa udzu. M'nyumba ya kalabu munali moletsedwa. Ankasinthira zovala m'galimoto, monga Hagen zaka 40 m'mbuyomo, kungoti Hagen ankatero monyoza mabwana, pamene Papwa analibe kwina kopita. Chakudya ankadyera pamodzi ndi onyamula matumba.

Mu Januwale 1963 mpikisano wa Natal Open unachitikira pa Durban Country Club. Bwalo limeneli linatsegulidwa mu 1922, ndipo lachititsa South African Open kambiri kuposa bwalo lina lililonse. Maenje ake oyamba amakwera ndi kutsika pa milu ya mchenga, njira zake n'zopanikiza, mbali zonse kuli tchire loŵirira, ndipo mpira wopatuka pang'ono suonekanso. Pali dzenje lina lalifupi, la nambala 12, limene kabwalo kake kali pamwamba pa chitunda chotsetsereka uku ndi uku. Amalitcha Prince of Wales pokumbukira mwana wa mfumu ya ku England amene akuti anavutikapo kwambiri, mpira ukukwera ndi kutsetserekanso, mpaka kumenya koposa 15. Bwalo lotere limakonda munthu wolunjika kuposa munthu wamphamvu. Papwa anapikisana ndi azungu oposa 100, pakati pawo akatswiri odziŵika monga Harold Henning, ndipo anawaposa onse. Kunali koyamba kuti munthu wosakhala mzungu apambane mpikisano waukulu wotere m'dzikolo.

Nthaŵi yopereka mphoto itakwana, mvula inali ikugwa. Mwambo unachitikira panja, ndipo wopambanayo analandira chikho chake akunyowa. Utatha mwambowo, amene anagonja analoŵa m'nyumba ya kalabu kukauma ndi kumwa, ndipo amene ankawaperekera zakumwa m'katimo anali Amwenye anzake a Papwa, popeza lamulo linkalola Mmwenye kuloŵa atanyamula thireyi koma osati atanyamula chikho. Oikira kumbuyo kalabuyo anadzanena kuti mphoto zinkaperekedwa panja nthaŵi zonse. Mwina n'zoona, koma mawu amenewo sayankha funso lenileni. Tsiku la mvula, mwambo wa panja ukhoza kusamutsidwira m'kati ngati wolandira mphoto ali wololedwa kuloŵa. Tsiku limenelo sukanasamutsidwa.

Wojambula wina anatola chithunzi, ndipo chinasindikizidwa m'manyuzipepala a m'maiko ambiri. Anthu amene sanaŵerengepo ndime imodzi ya malamulo a tsankho anachimvetsa chithunzicho popanda wowamasulira. Chinafika pa nthaŵi imene Dennis Brutus ndi anzake, amene anakhazikitsa bungwe la SANROC mu 1962, ankapempha maiko kuti aleke kuseŵera ndi South Africa, ndipo chinawapatsa umboni woposa zikalata zonse. Dzikolo silinaloledwe kupita ku maseŵera a Olympic a ku Tokyo mu 1964, linachotsedwa m'bungwe la maseŵerawo mu 1970, ndipo linadzabwereranso mu 1992 ku Barcelona. Kunena kuti chithunzi chimodzi ndicho chinachita zonsezi kungakhale kukokomeza, pakuti panali anthu ambiri amene anamangidwa ndi kuthamangitsidwa chifukwa cha nkhondo imeneyi. Komabe chithunzi cha pamvulacho chinali m'gulu la zinthu zimene boma la Hendrik Verwoerd linalephera kuzifotokoza kunja.

Papwa mwini wake sanali wandale. Anali bambo wa ana, wosaphunzira, wofuna kupeza chakudya ndi luso lokhalo limene anali nalo. Izi zinamuika pakati pa miyala iŵiri. Boma linkamuona ngati munga, pamene ena mwa olimbana ndi tsankho sankakondwera ndi zopempha zilolezo, poti wopempha chilolezo amakhala ngati wavomereza kuti boma lili ndi ufulu womukaniza. Iye anapitiriza kuseŵera. M'chaka chomwecho cha 1963, pa bwalo lomwelo, anatsiriza wachiŵiri mu South African Open, Retief Waltman atamuposa ndi kumenya kumodzi kokha.

Ena ankanena kuti chikho cha 1963 anachitenga chifukwa Gary Player kunalibe. Yankho linabwera kumayambiriro kwa 1965, pamene Natal Open inabwereranso pa Durban Country Club, Player ali pomwepo. Pa nthaŵiyi Player anali atapambana kale Open Championship, Masters mu 1961 ndi PGA Championship mu 1962, ndipo mu Juni chaka chomwecho cha 1965 anadzapambana US Open, nakhala munthu wachitatu m'mbiri yonse kutenga zikho zinayi zikuluzikuluzo. Munthu ameneyo, ali pachimake pa mphamvu zake, anagonja kwa Papwa ndi kumenya kumodzi, khamu la Amwenye likutsatira katswiri wawo dzenje ndi dzenje.

Chipambano chimenechi chinamutsekera khomo m'malo momutsegulira. Mu Febuluwale 1965 boma linalengeza kuti anthu a mitundu yosiyana asamaonerere pamodzi maseŵera popanda chilolezo, ndipo kuyambira mu 1966 zilolezo za Papwa zinayamba kukanidwa chimodzichimodzi, mpaka anatsekeredwa kunja kwa mipikisano ya azungu. Apa ndi pofunika kumvetsa mmene woseŵerera ndalama amakhalira. Alibe malipiro a pamwezi. Amadya zimene wapambana, ndipo ulendo, malo ogona ndi wonyamula thumba amalipira yekha. Ndalama zenizeni zinali m'mipikisano imene anamuletsa. Ya anthu osakhala azungu, imene anaipambana kambirimbiri, inkachitikira pa mabwalo osasamalidwa ndipo mphoto zake zinali zochepa. Luso la gofu nalonso limafuna kunoledwa pa anthu oposa iwe, apo ayi limabuntha. Zaka zimene katswiri amakolola zimene anafesa ali mnyamata, Papwa anazitha akudikira makalata ochokera ku Pretoria. Dera la Riverside limene anakulira nalonso linalengezedwa kuti ndi la azungu, ndipo Amwenye a kumeneko anasamutsidwa.

Zinthu zinadzayamba kufeŵa pang'ono iye atadutsa kale msinkhu. Player, amene m'buku lake la 1966 analemba mawu oikira kumbuyo boma la Verwoerd, ndipo patapita zaka anavomera kuti analakwa, anaitana Lee Elder, munthu wakuda wa ku America, kudzaseŵera ku Johannesburg mu 1971. Elder anavomera pokhapokha oonerera atasakanikirana. Mu 1976 Vincent Tshabalala, amenenso anayamba ndi kunyamula matumba, anapambana French Open. Papwa anamwalira pa 5 Julayi 1978 ku Durban, ali mu umphaŵi, asanakwanitse zaka 50.

Mu 2004 Pulezidenti Thabo Mbeki anamupatsa ulemu wa Order of Ikhamanga, mendulo yasiliva, patapita zaka 26 chimwalirireni. Ku Reservoir Hills, mu mzinda wa Durban, kuli bwalo la gofu la maenje 18 limene linapatsidwa dzina lakuti Papwa Sewgolum. Ndi bwalo la mzinda, ndipo aliyense wolipira pakhomo amaseŵerapo.